Dotolo Robert Laws, Mmisiri wa Matabwa Amene Anamanga Sukulu pa Khondowe

Aphunzitsi anzanga, ambiri a ife tinaonapo mnyamata amene watsiriza maphunziro a umisiri ataimirira pamaso pa khamu kulandira setifiketi yace, amai ace alikululutira kumbuyo. Pepalalo nlopepuka, kamphepo kangathe kuliulutsa, koma mwini wace alikulunga m'kansaru naliika pansi peni peni pa bokosi, pamodzi ndi kalata ya ukwati. Ndipo salakwa potero, pakuti tsiku lina adzafika kumene kulibe womdziwa, kulibe mbale kapena nyakwawa yomcitira umboni, ndipo pepala lokhalo ndilo lidzamnenera kuti manja ace adziwa nchito. Komatu pepala linena kanthu pokha pokha ngati wolilandirayo afuna kumva. Nkhani ino iri ya munthu amene anatha zaka 52 m'dziko la Nyasaland, limene lero ndi Malawi, alikuphunzitsa anthu akuda umisiri ndi kuwapatsa mapepala otere, ndiponso iri ya zimene zinawaonekera iwo amene anawalandira. Dzina lace ndiye Dotolo Robert Laws wa ku Livingstonia.

Robert Laws anabadwa pa 28 May, 1851, ku Mannofield, m'mbali mwa mzinda wa Aberdeen ku Scotland. Atate wace anali mmisiri wa matabwa wopanga matebulo, mipando ndi makabati, munthu wosauka koma woopa Mulungu. Amace anamwalira iye akali kamwana. Popeza m'nyumbamo munalibe ndalama zakuti mwana apitirire nazo sukulu, anamlowetsa umisiri wa atate wace akali mnyamata wamng'ono. Mwambo wa amisiri a kwao unali wakuti wophunzira ayambe ndi kusesa zipalapala ndi kunola zitsulo, ndipo papite nthawi yaitali asanamlole kukhudza thabwa la mtengo wapatali. Usana Robert anali pa maceka ndi nyundo, madzulo napita ku sukulu ya usiku. Atawerenga za maulendo a David Livingstone, mtima wace unakhumba kukagwira nchito pakati pa Amakololo. Pang'ono pang'ono anakwera kufikira analowa m'sukulu yaikuru ya Aberdeen, naphunziranso za ubusa ku Edinburgh ndi za mankhwala ku Glasgow ndi ku Aberdeen komweko, alikudzipezera yekha ndalama mwa kugwira nchito pakati pa odwala nthomba ndi malungo m'zipatala za Glasgow. Pofika caka ca 1875 anali ndi mapepala a maphunziro, a udotolo ndi a ubusa. Koma manja ace anakhalabe manja a kalipentala, ndipo mbiri yace yonse simveka bwino tikaiwala cimeneci.

Livingstone anafera m'dziko lathu lino, kwa Chitambo ku Ilala, m'caka ca 1873. Ataikidwa ku London m'caka cotsatira, Mbusa James Stewart, mkuru wa sukulu ya Lovedale ku South Africa, anapempha mpingo wa Free Church of Scotland kuti uyambe mishoni pa nyanja ya Nyasa yakumkumbukira nayo. Ku Lovedale ana anali kuphunzira buku pamodzi ndi kupanga ngolo, kusula ndi kusindikiza, ndipo Stewart anafuna kuti mishoni yatsopanoyo itsate njira yomweyo. Cifukwa cace gulu limene linanyamuka ku London m'mwezi wa May, 1875, linacuruka amisiri. Mtsogoleri anali E. D. Young, munthu wa zombo za nkhondo. Panali kalipentala George Johnston, amisiri a makina ndi osula John McFadyen ndi Allan Simpson, mlimi Alexander Riddel, ndi mmalinyero William Baker. Mbusa ndi dotolo anali mmodzi yekha, ndiye Laws. Anatenga sitima yaing'ono ya citsulo yochedwa Ilala, naimanga pa mathiriro a Zambezi, naimasulanso pa mathithi a Shire. Pamenepo mafumu a Amakololo, omwe aja mnyamata wa ku Aberdeen anawakhumba, anasonkhanitsa amtengatenga mazana ambiri amene anasenza zidutswa zace pamutu kupyola mathithiwo. Pa 12 October, 1875, Ilala inalowa m'nyanja.

Za zaka zoyamba ku Cape Maclear tinene mwacidule. Malo anali okongola koma a malungo, ndipo manda anacuruka kuposa obatizidwa. M'caka ca 1876 Laws anacita opaleshoni atagoneka wodwala ndi mankhwala ochedwa chloroform, cinthu cimene anthu a m'mbali mwa nyanja anali asanacione. Caka comweco anafika alaliki anai acikuda ocokera ku Lovedale, mmodzi wa iwo William Koyi, amene pambuyo pace anatsegula njira ya kwa Angoni a Mbelwa. Stewart atabwerera, utsogoleri unagwera Laws. Anakwatira Margaret Gray ku Blantyre m'caka ca 1879. Mwa ana onse amene anawabadwira anakula mmodzi yekha, Amelia Nyasa. Mkristu woyamba, Albert Namalambe, anabatizidwa m'mwezi wa March, 1881, ndipo caka cimeneco mishoni inasamukira ku Bandawe, pakati pa Atonga. Ife olankhula Cinyanja tiyenera kudziwanso kuti Laws anamasulira Cipangano Catsopano m'cinenero cathu, ndipo cinasindikizidwa m'caka ca 1886, nalembanso buku la mau a Cingelezi ndi Cinyanja limene linaturuka mu 1894.

Ku Bandawe zinthu zinatembenuka. Atonga anathamangira sukulu, ndipo masukulu a m'midzi anafalikira msanga kuposa aphunzitsi. Kawiri kawiri wophunzitsa anali mnyamata wodziwa pang'ono pokha kuposa ana ace, wophunzira m'mawa cimene adzaphunzitsa madzulo. Nyumba iri yonse ya njerwa, citseko ciri conse coongoka, zinali kudikira mmisiri wocokera ku Scotland, ndipo amisiriwo anali kudwala, kufa, kapena kubwerera kwao pangano lao litatha. Anyamata ena anatumizidwa ku Lovedale, koma kunali kutali ndipo kunadya ndalama zambiri. Laws anaona kuti dziko silimangidwa ndi manja obwereka. Ali pa cuti kwao, kuyambira 1891, mpingo wace unamtuma ku Calabar, ku Nigeria, kukaona ngati kungayambidwe sukulu ya umisiri, ndipo uphungu wace unathandiza kubala Hope Waddell Training Institution imene inatsegulidwa mu 1895. Pobwerera ku Nyasaland mu 1894 anadza ndi cilolezo ndi ndalama zakumangira sukulu yotere ya iye mwini.

Anayenda m'mapiri a kumpoto pamodzi ndi kapitao wace wokhulupirika Yuriah Chirwa, nasankha cidikha ca Khondowe, cimene ciri mafiti pafupi fupi 3,000 pamwamba pa nyanja, pansi pa mapiri a Nyika. Anacikonda cifukwa ca mphepo yozizira yocepetsa malungo, madzi osaphwa, ndi mitengo ya matabwa. Sukuluyo inachedwa Overtoun Institution, kutengera dzina la Lord Overtoun, mwini cuma wa ku Glasgow amene anapereka ndalama zambiri koposa onse. Koma kumanga pamwamba pa phiri kunali ndi mtengo wace. Katundu yense wotsika m'sitima ku Florence Bay, kumene lero ndi ku Chitimba, anayenera kukwera pamutu pa anthu, kufikira anasema mseu wokhotakhota m'phirimo, wa makona akuthwa ngati 20, umene unatha m'caka ca 1905. Madzi anawatenga kutali m'phiri ndi mipope ya citsulo, nayamba kuturuka pampopi mu 1904. Caka cotsatira makina oyendetsedwa ndi madzi a mtsinje wa Manchewe anayatsa magetsi, nayendetsa maceka ndi cigayo, pamene matauni ambiri a Azungu m'maiko ano anali kuunikirabe nyali za parafini.  Kwa Laws mseu, mipope ndi makinawo zinali kalasi. Mnyamata amene anaphwanya miyala ya mseu, nalumikiza mipope, nathira mafuta m'makina, anali kuphunzira zimene sakadaziphunzira pa bolodi.

Makonzedwe a maphunziro anali otere. Ana opambana a m'masukulu a Bandawe, Ekwendeni, Karonga ndi kwina anali kusankhidwa kukwera ku Khondowe. Onse, ngakhale ofuna uphunzitsi kapena ubusa, anali ndi maora a nchito ya manja, kuti pasakhale wina woyesa khasu ndi nyundo zinthu za anthu opanda nzeru. Atatha makalasi oyamba, njira zinapatukana. Kunali sukulu ya aphunzitsi, ndipo pambuyo pace maphunziro a ubusa, a othandiza m'cipatala, ndi a ukalaliki ndi kusunga sitolo. Mbali yina kunali nyumba za umisiri: ukalipentala, kumanga ndi njerwa ndi miyala yosema, kusula ndi makina, kusindikiza ndi kusoka mabuku, ndi ulimi. Pamene waya wa lamya wa kampani ya Cecil Rhodes unadzera m'mbali mwa nyanja kunka ku Karonga ndi ku Abercorn, sukuluyo inayamba kuphunzitsanso anyamata kutumiza ndi kulandira mauthenga a pawaya. Atsikana nawo anali ndi cigawo cao, koma, monga mwa maganizo a masiku amenewo, anawaphunzitsa makamaka kusoka, kucapa ndi kusunga nyumba. Ndipo apa Laws sanaone patali kuposa anzace.

Wofuna umisiri sanali kungolowa ndi kuturuka monga afuna. Anali kulemba pangano la zaka zisanu, monga momwe Laws mwini anamangidwira ku Aberdeen. M'zaka zimenezo anali kudya ndi kugona pa mishoni, kulandira kamalipiro kakang'ono, ndi kupitiriza kuwerenga ndi masamu pambali, pakuti mmisiri wosadziwa kuyesa ndi kuwerengera mtengo wa nchito yace akhala wonyamulira anzace zitsulo moyo wace wonse. Wotha zaka zonse ndiye anali kulandira kalata ya umboni. Wothawa pakati anali kupita manja okha. Aphunzitsi nawonso anali ndi masetifiketi osiyana monga mwa mayeso amene anapambana. Tikumbukire kuti nthawi imeneyo Boma linalibe nthambi ya maphunziro konse. Thandizo lace loyamba, m'caka ca 1907, linali £1,000 yogawana mamishoni onse a m'Nyasaland, ndipo ofesi ya maphunziro inadza mu 1926. Kuno kwathu inayamba mu 1925. Tsono mphamvu ya pepala la ku Livingstonia siinacokere ku cidindo ca Boma, koma ku mbiri ya munthu wolisainayo. Laws anali munthu wa mau ocepa, wosaseka kawiri kawiri, wolowerera ngakhale m'tinthu tating'ono, ndi wobvuta kumkondweretsa. Anaumiriranso kuti makolo alipire ndalama za sukulu, poganiza kuti ca ulere sicisamalidwa, ndipo ophunzira ena anacoka cifukwa ca ico. Ambiri anamuopa koposa kumkonda. Koma kuuma kwaceko ndiko kunacititsa kuti Mzungu wa sitolo ku Blantyre kapena wa mgodi kutali, ataona dzina la Laws pansi pa kalata, asafunsenso zambiri.

Pano ndipatuke pang'ono. Tisayese kuti umisiri unakwera phiri la Khondowe pamodzi ndi Azungu. Aphoka, eni ace a mapiri amenewo, anali odziwika pa kuyenga citsulo m'ng'anjo ndi kusula makasu amene anagulidwa kutali. Iwonso anali ndi maphunziro ao a zaka zambiri, mwana kutsata atate kapena amalume, ndi miyambo yao ndi zoletsa zao. Setifiketi sanaifune, popeza mudzi wonse unali mboni, ndipo khasu lokha linali kumnenera mwini wace. Sukulu ya Laws siinamange pa maziko amenewa. Citsulo cace cinadza pa sitima kucokera ku Scotland, ndipo pamene makasu a m'sitolo anacuruka ng'anjo zinazima, nzeruyo nilowa m'manda pamodzi ndi nkhalamba. Pepala linayamba kufunika pamene munthu anayamba kugulitsa nchito yace kwa alendo, kutali ndi kwao.

Kunalinso cinthu cina cimene ophunzira a pa Khondowe mwina sanacimve. Cuma ca Lord Overtoun cinacokera ku fakitale ya mankhwala ku Shawfield, pafupi ndi Glasgow. M'caka ca 1899 mtsogoleri wa anchito Keir Hardie anaulula poyera kuti anthu a m'fakitaleyo anali kugwira maora 12 pa tsiku, ambiri ngakhale pa Sabata, pa malipiro ocepa, ndi kuti pfumbi la mankhwalawo linali kuwadya khungu ndi mphuno. Madzi abwino a pa Livingstonia analipiridwa ndi thukuta la anchito osauka a dziko lina. Ndipo sukulu yodalira thumba la munthu mmodzi iri pangozi: Overtoun atamwalira mu 1908, ndalama sizinayendenso monga kale.

Tsono amisiri aja atalandira makalata ao anapita kuti? Apa ndipo panagona bvuto limene Laws sanathe kulimasula. Iye anayembekeza kuti malonda adzatsata mishoni, ndi kuti kumpoto kwa Nyasaland kudzadzala minda, masitolo ndi nyumba zofuna amisiri. Sizinatero. Njanje inafika ku Blantyre mu 1908 niithera kumwera komweko. Kumpoto kunalibe msika, ndipo munthu wa m'mudzi, wosowa ngakhale ndalama ya msonkho, sakadagula kabati kapena kulemba womanga nyumba ya njerwa. Mishoni inalemba owerengeka, Boma ndi kampani ya Mandala owerengekanso. Otsala anamanga mitolo. Anapezeka ku Tanganyika, ku migodi ya Southern Rhodesia, ku Johannesburg, ku Katanga, ndi kuno ku Broken Hill ndi Ndola, ali akalaliki, akapitao, omasulira, othandiza m'zipatala, omanga ndi opala matabwa. Kwa zaka zambiri, munthu akalowa m'ofesi ya Boma kapena ya mgodi m'dziko lino, wakuda wokhala pa tebulo ndi colembera anali kawiri kawiri Mnyasa. Dziko losauka linaphunzitsa, maiko a migodi nakolola. M'midzi ya Atonga ndi Atumbuka munatsala akazi, ana ndi nkhalamba.

Ife a ku Zambia tinapindula nako kumwazikana kumeneku, ndipo nkoyenera kubvomera. Mishoni ya Livingstonia inatsegula Mwenzo pakati pa Anamwanga, Chitambo m'caka ca 1907, Lubwa ndi Chasefu, ndipo ana opambana a m'malo amenewa anali kuyenda pansi masiku ambiri kunka ku Khondowe. David Kaunda, Mtonga wophunzira ku Overtoun, anafika ku dziko la Abemba ndi anzace mu 1904, nakhazikika ku Chinsali caka cotsatira, nayamba masukulu kumeneko zaka zambiri mmishonale wacizungu asanadze kudzakhala ku Lubwa. Mwana wace Kenneth, wobadwa mu 1924, ndiye anakhala Pulezidenti woyamba wa dziko lino. Donald Siwale wa ku Mwenzo anaphunziranso ku Livingstonia, ndipo iye ndi David Kaunda anali pakati pa otsogolera Mwenzo Welfare Association ya 1923, imene inatengera citsanzo ca North Nyasa Native Association, bungwe limene Levi Mumba ndi anzace anayamba mu 1912 Laws alikuwalimbikitsa.

Koma kumene anapitako, pepala lija linawatsegulira citseko coyamba cokha. Caciwiri cinali cokhoma. Ku South Africa malamulo a migodi a 1911, amene anawalimbitsa mu 1926, anasungira Azungu masetifiketi a nchito zapamwamba monga kuphulitsa miyala ndi kuyendetsa makina, ndipo lamulo la 1922 la ophunzira umisiri linaika miyeso imene ana akuda ambiri sakadaifikira. Ku Southern Rhodesia lamulo la 1934 silinawerenge munthu wakuda ngati wanchito woyenera kulowa m'mapangano a amisiri. Kuno ku migodi ya mkuwa bungwe la anchito acizungu, lokhazikitsidwa mu 1936, linachinjiriza nchito za umisiri kufikira pangano la 1955 linayamba kumasula zina pang'ono, ndipo lamulo silinalole wakuda kulemba pangano la kuphunzira umisiri kufikira ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Momwemo munthu wotha zaka zisanu pa Khondowe anali kunyamula bokosi la zitsulo la Mzungu, kugwira nchito yeni yeniyo, ndi kulandira kagawo kakang'ono ka malipiro a mnzaceyo. Sitidabwa kuti ena a iwo anasanduka atsogoleri a madandaulo. Clements Kadalie, wa kufupi ndi Bandawe, analandira setifiketi ya uphunzitsi ku Overtoun akali mnyamata, naphunzitsa pang'ono, nacoka mu 1915. Atagwira ukalaliki m'migodi ya Southern Rhodesia anafika ku Cape Town, ndipo mu 1919 anayamba bungwe la anchito lochedwa Industrial and Commercial Workers' Union pakati pa onyamula katundu pa doko. Pofika 1927 bungwelo linali kuwerenga anthu ace ngati 100,000.

Kukadakhala kokoma kunena kuti citseko cokhomaco cinali kwa eni migodi okha. Koma cinalinso pa Khondowe pomwe. Charles Domingo anabwera ndi William Koyi kucokera ku Quelimane mu 1881 akali mwana, nakulira m'nyumba ya Laws, natumizidwa ku Lovedale, nakhala mphunzitsi wochuka pa sukuluyo. Anali mwa oyamba kutsiriza maphunziro a ubusa, ndipo mu 1903 anapatsidwa cilolezo ca kulalikira. Mayeso anapambana, mapepala anali nao, koma kudzozedwa ubusa sikunadze. Zaka zinapita alikugwira pansi pa amishonale, kufikira anatopa, nasemphana ndi Mbusa Donald Fraser ku Loudon, nacoka mu 1908. Abusa akuda oyamba, Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, anadzozedwa mu 1914, patapita zaka 39 cifikire mishoni. Mlandu umenewu suli pa Laws yekha, pakuti unali m'manja mwa bwalo lonse la mpingo. Koma mau ace anali olemera koposa a onse, ndipo iye anakhulupira kuti munthu ayenera kuyesedwa nthawi yaitali asanapatsidwe udindo. Ndiwo mwambo uja wa kusesa zipalapala. Koma wophunzira wa ku Aberdeen anali kudziwa tsiku limene pangano lace lidzatha, pamene Domingo sanauzidwe tsiku. Ndipo Laws mwini anadzozedwa asanakwanitse zaka 24, natsogolera mishoni yonse asanafike zaka 30.

Ulemu sunamsowe. Anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa msonkhano waukuru wa United Free Church of Scotland mu 1908, nakhala m'Bwalo Lopanga Malamulo la Nyasaland kuyambira 1912 kufikira 1916, naona mipingo ya Livingstonia ndi Blantyre irikugwirizana kupanga Church of Central Africa Presbyterian mu 1924. Koma pa nkhani ya sukulu yace anayamba kutsala yekha. Fraser ndi amishonale ena acinyamata anati Khondowe idya ndalama zambiri pa anthu owerengeka amene pambuyo pace atayika ku migodi, ndi kuti kukadakhala bwino kuphunzitsa anthu ambiri zinthu zapafupi zothandiza m'mudzi. M'caka ca 1924 nthumwi za Phelps-Stokes Fund, zotsogozedwa ndi Thomas Jesse Jones, pamodzi ndi Dotolo James Aggrey wa ku Gold Coast, zinayendera masukulu a maiko ano. Zinakondwera ndi nchito za manja za m'midzi zimene mishoni ya Dutch Reformed inali kuphunzitsa ku Nkhoma, monga kuomba nsaru, kuumba ndi kufufuta zikopa, koposa makina a pa Livingstonia. Maboma a atsamunda anagwira maganizo amenewa ndi manja awiri, ndipo m'menemo munaturuka masukulu a Jeanes, ku Domasi ndi ku Mazabuka, imene pambuyo pace inasamukira ku Chalimbana.

Ndani analondola? Otsutsawo sananame ponena kuti wosindikiza mabuku ndi wa lamya sanaonjeze cimanga m'nkhokwe za Aphoka okhala m'munsi mwa sukuluyo. Mphunzitsi ali yense amene anaonapo ana ace anzeru onse alikukwera basi kunka ku tauni adziwa kuwawa kwace. Koma maphunziro oyenera mudziwo anakondweretsanso anthu amene sanafune konse kuti wakuda apikisane ndi mwana wao pa nchito ya malipiro abwino. Ndipo makolo akuda anazindikira msanga kuti mwana wodziwa kuluka mitanga sadzalipira nayo msonkho. Laws, ngakhale anali wocedwa kupereka udindo, sanakayike konse kuti mutu ndi manja a Mwafrika zingathe kuphunzira ciri conse cimene Mskochi aphunzira. M'zaka zace zotsiriza, pa nthawi ya cikondwerero ca zaka 50 za mishoni mu 1925, anali kulimbikira kuti Overtoun ikule kufikira idzakhale yunivesite. Anzace ndi akuru a ku Scotland sanamtsate. Pamene Zambia inalandira ufulu mu 1964 inali ndi anthu ace ngati 100 okha otsiriza yunivesite, ndi amisiri a mapepala ocepa kwambiri, kotero kuti inayenera kulemba alendo pa mtengo waukuru, monga momwe Bandawe inali kudikirira kalipentala wa pa sitima.

Mkazi wace anamwalira mu 1921. Iye anatsika phiri la Khondowe kotsiriza m'caka ca 1927, ali ndi zaka 76, ndipo omlowa m'malo anacepetsa zambiri za maphunziro apamwamba natembenuzira sukuluyo ku zosowa za m'midzi. Anakhala zaka zace zotsala kwao, nalemba buku la zikumbutso zace za Livingstonia limene linaturuka m'caka ca imfa yace. Anamwalira ku London pa 6 August, 1934, naikidwa ku Aberdeen, pa manda a chalichi ca St Machar.

Nchito yoyesa amisiri ndi kuwapatsa masetifiketi iri tsopano m'manja mwa maboma: kuno kwathu lamulo la 1998 linakhazikitsa bungwe la TEVETA, ndipo Malawi inakhazikitsa lace la dzina lomwelo mu 1999. Pa Khondowe pakali sukulu ya umisiri. Nyumba ya miyala imene Laws anakhalamo anaisandutsa mosungiramo zinthu zakale, ndipo galimoto zikali kukwera mseu wokhotakhota uja kucokera ku Chitimba. M'caka ca 2003 Sinodi ya Livingstonia inatsegula University of Livingstonia pa cidikha comweco, nicha malowo dzina la Laws.